Mankhwala a dazi ndi stent yosungunuka: kodi patenti ndi umboni woti chinthu chimagwira ntchito?

Dazi_Layamba
Abale, ndithandizeni nzeru pa zinthu ziwiri. Choyamba n'chaching'ono: tsitsi layamba kundithawa pachipumi, ndipo pa intaneti ndikungoona otsatsa mafuta omeretsa tsitsi, aliyense akuti ake ali ndi patenti. Chachiwiri n'chachikulu. Malume anga auzidwa kuti mtsempha umodzi wa pamtima watsala pang'ono kutsekeka, afunika kuwaika stent. Mwana wawo wawerenga kuti kuli stent ina yosungunuka yokha m'thupi, nayonso ya patenti, ndiye akuumirira kuti banja lifunefune imeneyo basi, yachitsulo ayi. Kodi chinthu chikakhala ndi patenti ndiye kuti akuluakulu achiyesa n'kupeza kuti chimachiritsa? Nanga pa stent ziwirizi yabwino n'iti?

Mpala_Wonyada
Za malume ndisiyira odziwa. Za tsitsizo, achimwene, gulani lezala. Ife tinavomereza kalekale ndipo tikugona tulo.

MlembiWaMalamulo
Yankho lalifupi n'loti ayi. Ofesi ya patenti si ya madokotala. Iwo amafunsa mafunso awoawo: kodi chinthuchi n'chatsopano, sichinalembedwepo kwina? Kodi munthu wodziwa ntchitoyo akanatha kungochiganizira mosavuta? Kodi n'chotheka kuchipanga n'kuchigwiritsa ntchito? Mukapambana pamenepo amakupatsani mphamvu yoletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho kwa zaka 20. Palibe wodwala amene amayesedwa pa ofesi imeneyo. Oona ngati mankhwala amachiritsadi ndiponso ngati savulaza ndi ena, monga FDA ku America, ndipo amenewo amafuna zotsatira za kafukufuku wa pa anthu.

Chenjeraninso ndi chimene chatetezedwacho. Ku America kuli patenti ya maonekedwe okha, nambala yake imayamba ndi D. Munthu atha kutetezera kapangidwe ka botolo kapena chivindikiro, kenako n'kulemba mawu oti patenti m'malembo akuluakulu, inu n'kumaganiza kuti akunena mafutawo. Ena amalemba "patent pending", pomwe anangopereka pempho lomwe mwina lidzakanidwa.

Nachisale_22
Iii, botolo? Ndiye anthu tikudyeredwa masuku pamutu weniweni, wopanda tsitsi kale.

Mpala_Wonyada
Kkkk mayi inu musatiseke chonchi.

NamwinoWaUsiku
Ndiyankhe za malume chifukwa apo pali moyo. Stent ndi kachubu kakang'ono kolukidwa ndi timawaya. Amakalowetsa podzera mumtsempha wa padzanja kapena wa m'mphechepeche mwa ntchafu, kali kopinda pamwamba pa kabaluni. Akafika pothinapo amafufumitsa kabaluniko, stent n'kutambasuka n'kukankhira khoma la mtsempha kunja, magazi n'kuyamba kudutsa. Kabaluni amatulutsa, stent imatsala.

Maganizo a yosungunuka ndi omveka ndithu. Mwendo ukathyoka amaumanga pulasitala, fupa likalumikizana amachotsa. Ndiye anthu anafunsa kuti mtsempha ukapola pakatha miyezi ingapo, chitsulo chikhaliranji mmenemo moyo wonse? Yotchuka kwambiri inali Absorb ya kampani ya Abbott. Anaipanga ndi pulasitiki yotchedwa PLLA, ya mtundu wofanana ndi ulusi uja wosokera mabala womwe safuna kuchotsa. M'thupi imaphwanyika pang'onopang'ono n'kusanduka lactic acid, kenako madzi ndi mpweya womwe timapumira kunja, ndipo imatha pa zaka pafupifupi zitatu. Ku Ulaya anailola cha m'ma 2011, FDA inailola mu July 2016. Pofika September 2017 kampaniyo inasiya kuigulitsa. Onani kufupika kwake.

Dazi_Layamba
Chaka chimodzi chokha? Chinachitika n'chiyani?

NamwinoWaUsiku
Kampani inati siinkayenda malonda. Koma chimene chinachititsa madokotala kuizemba ndi zotsatira za kafukufuku monga wa ABSORB III, wa odwala pafupifupi 2,000, woyerekeza Absorb ndi stent yachitsulo ya kampani yomweyo yotchedwa Xience. Patatha zaka zitatu, magazi anaundana mkati mwa stent kwa odwala 2.3 pa 100 alionse a yosungunuka, pomwe a yachitsulo anali 0.7. Manambalawa akuoneka aang'ono, koma magazi akaundana mu stent ya pamtima mtsempha umatsekeka mwadzidzidzi, ndipo munthu atha kufa asanafike kuchipatala.

InjiniyaWopuma
Anamwino afotokoza bwino, ine ndiwonjezere mbali ya zipangizo poti ndi kumene ndinakalambira. Vuto la pulasitiki n'loti siilimba ngati chitsulo. Kuti ithe kugwira khoma la mtsempha, timawaya take timayenera kukhala tonenepa. Ta Absorb tinali pafupifupi ma micron 150, pomwe ta Xience ndi 81 (ma micron 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi). Mumtsempha wa mamilimita atatu kusiyana kumeneko n'kwakukulu. Magazi akamadutsa pa timawaya tonenepa amazungulirazungulira kuseri kwake, ndipo pomwe magazi akuchedwa ndi pomwe amaundana. Khungu lamkati mwa mtsempha limatenganso nthawi kuti liphimbe timawaya totere.

China, chitsulo ukachifufumitsa mopitirira chimangotanuka, pulasitiki imathyoka. Ndiye dokotala ankayenera kuyeza mtsempha mosamala kwambiri, kuukonzeratu, kenako kubwereza kufufumitsa ataika kale. M'mitsempha ing'onoing'ono zinthu zinkaipa kwambiri. Ndipo pa nthawi yosungunukayo, chaka chachiwiri kapena chachitatu, tizidutswa tina tinkatha kugwera mkati mwa njira ya magazi ngati sitinamatirire bwino kukhoma. Zonsezi sizikanaoneka pa pepala la patenti. Zinaoneka anthu masauzande atayenda nazo m'chifuwa kwa zaka.

Wokayika_Uja
Ine ndiye ndikuona kuti onsewa ndi akuba. Anadziwa kuti chinthu n'choipa koma anagulitsabe.

InjiniyaWopuma
Ayi achimwene, pamenepo mwathamanga. Amene anaulula vutolo ndi kafukufuku yemweyo wolipiridwa ndi kampani, ndipo zotsatira za chaka choyamba sizinaonetse kusiyana kwakukulu. Mukafuna kudzudzula, dzudzulani kuti chinthu chimene ubwino wake unkayembekezeka pakatha zaka zitatu chinaloledwa anthu ataona chaka chimodzi chokha. Pamenepo ndingagwirizane nanu.

Wokayika_Uja
Ndiye si zomwezo? Mwangoziveka jekete.

MphunziWaUdokotala
Musaiike m'manda msanga stent yosungunuka, nkhani yake siinathe. Inayamba kale ku Japan ndi ya Igaki-Tamai, yomwe inaikidwa mwa anthu kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kampani ya Biotronik inatenga njira ina, inapanga Magmaris ndi magnesium, chitsulo chomwe thupi limatha kuchisungunula pafupifupi chonse pa chaka chimodzi, ndipo ku Ulaya anailola mu 2016. Ku India kampani ya Meril inapanga MeRes100, timawaya take ndi ma micron 100. Ndipo Abbott yomweyo inabwereranso: mu April 2024 FDA inalola Esprit BTK, yosungunuka, koma ya mitsempha ya m'munsi mwa bondo. Kumeneko n'kwa anthu omwe magazi safika kumapazi, ambiri a matenda a shuga, omwe zilonda sizipola mpaka mwendo kudulidwa. Pa kafukufuku wake anaiyerekeza ndi kufufumitsa kabaluni kokha, ndipo inapambana. Chipangizo chomwe chinagwa pamtima chapeza malo pamwendo.

Koma kwa malume a Dazi_Layamba, lero lino chomwe madokotala a mtima amadalira ndi stent yachitsulo yopyapyala yopakidwa mankhwala oletsa mtsempha kuthinanso. Ili ndi umboni wa zaka zambiri.

NamwinoWaUsiku
Ndipo mwana wa malumeyo mumuuze kuti mphamvu zake aziike pa mapiritsi a pambuyo pake. Aliyense woikidwa stent amamwa mankhwala awiri oletsa magazi kuundana, kawirikawiri aspirin ndi clopidogrel kapena wina wa gulu lomwelo, kwa miyezi yomwe dokotala wanena. Ndimaona anthu akupeza bwino, n'kusiya okha mapiritsi, kenako n'kubwera usiku atagwira pachifuwa thukuta lili kamukamu. Stent ikhale ya mtundu uliwonse, kusiya mapiritsi amenewa osafunsa n'kudziika pangozi. Ngakhale wozula mano akati siyani kaye, muyambe mwafunsa dokotala wa mtima.

Nachisale_22
Pepani ndipatuke pang'ono. Bambo anga ali ndi yachitsulo, amaopa kudutsa pa makina ofufuza zitsulo a pabwalo la ndege. Amati ilira.

MphunziWaUdokotala
Siilira mayi, ndi yaing'ono kwambiri. Adutse mtima uli m'malo. Akafuna kuwajambula ndi MRI ndi pomwe ayenera kunena kuti ali ndi stent, ngakhale zambiri za masiku ano zimaloledwa.

Mpala_Wonyada
Nanga ife a dazi mwatiiwala? Tikudikira pamzere.

Wamankhwala_T
Ndabwera, bambo. Chosangalatsa n'choti nkhani ya tsitsi inayambira ku mitsempha komweko. Minoxidil anapangidwa ndi kampani ya Upjohn ngati mankhwala a kuthamanga kwa magazi, amatakasa mitsempha, ndipo analoledwa mu 1979 ndi dzina loti Loniten. Odwala anayamba kumera tsitsi pomwe sankalifuna: pamasaya, pamikono, pamsana. Wina anaganiza zongowapaka pamutu, ndipo mu 1988 anatuluka ngati Rogaine. Patenti yake inatha mu 1996, n'chifukwa chake lero makampani ambirimbiri amapanga, wa 2% ndi wa 5%.

Wachiwiri ndi finasteride wa kampani ya Merck. Anayamba mu 1992 ngati mankhwala a prostate yotupa, piritsi la 5 mg, kenako mu 1997 la 1 mg la dazi, lotchedwa Propecia. Dazi la amuna limabwera chifukwa cha DHT, homoni yomwe thupi limapanga kuchokera ku testosterone, homoni yachimuna. Kwa amene anatengera kumtundu, DHT imafooketsa mizu ya tsitsi la pachipumi ndi paliwombo, tsitsi limamera lopyapyala ndi lalifupi mpaka kulekeratu. Finasteride amatseka njira yopangira DHT. Nzeru imeneyi inachokera pa kafukufuku wa Julianne Imperato-McGinley wa mu 1974 ku Dominican Republic, pa amuna obadwa matupi awo asakutha kupanga DHT yokwanira: prostate zawo zinali zazing'ono ndipo dazi sankachita.

Ndiye onani a Dazi_Layamba: mankhwala awiri omwe ali ndi umboni wochuluka pa dazi la amuna, onse patenti zawo zinatha. Omwe akukuwa za patenti pa intaneti ndi enawo.

Dazi_Layamba
Apa mwanditsegula maso. Koma awiriwa amagwiradi?

Kamutu_Kowala
Ine ndinapakapo minoxidil. Milungu yoyamba tsitsi linathothoka kuposa kale, pilo yense tsitsi lokhalokha, mutu kuyabwa, mfundu ngati ufa. Ndinataya botolo. Kwa ine ndi bodza.

Wamankhwala_T
Akulu, kuthothoka koyambako n'kodziwika. Tsitsi lililonse limakula kwa zaka zingapo, n'kupuma miyezi pafupifupi itatu, kenako n'kugwa kuti latsopano limere. Minoxidil amadzutsa mizu yopumayo, ndiye tsitsi lakale limakankhidwa n'kugwa nthawi imodzi. Munasiya pomwe ntchito imayamba. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho musanathe miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi simungaweruze. Kuyabwako kawirikawiri kumabwera ndi propylene glycol yomwe amasakaniza mu minoxidil wamadzi, wathovu savutitsa kwambiri.

Koma sindikunamizani, si onse amene amawathandiza. Mankhwalawa amayenera kusinthidwa kaye m'mizu ya tsitsi kuti agwire ntchito, ndipo matupi ena sachita zimenezi mokwanira. Pomwe pawala kale kwa zaka zambiri sipabwerera. Ndiponso mukasiya, zomwe munapindula zimatha pa miyezi yochepa. Ndi ukwati wopanda chisudzulo.

Kamutu_Kowala
Ndiye bola kukhala mbeta.

BamboWaAtatu
Za finasteride munene zonse, musabise. Mnzanga anasiya chifukwa kunyumba zinthu zinayamba kuzizira.

Wamankhwala_T
Sindibisa bambo. Pepala la m'paketi limanena poyera kuti amuna ena chilakolako chimachepa kapena mphamvu zimafooka, ndipo limachenjezanso za kukhumudwa. Ndi ochepa, ambiri zimatha akasiya, koma alipo omwe amadandaula kuti zinapitirira. N'chifukwa chake awa si ogula mwachibisira, kambiranani ndi dokotala. Zina ziwiri: mayi woyembekezera asakhudze piritsi losweka chifukwa lingasokoneze ziwalo za mwana wamwamuna m'mimba, ndipo mankhwalawa amatsitsa nambala ya PSA, yomwe amayeza m'magazi poona za prostate, pafupifupi ndi theka, ndiye pokayezetsa prostate muzinena kuti mumamwa.

MayiWaAmphaka
Wonjezerani kuti minoxidil amapha amphaka. Kungonyambita pilo kapena dzanja lanu n'kokwanira kumudwalitsa kwambiri. Amene muli ndi ziweto m'nyumba sambani m'manja, botolo mutsekere.

Nachisale_22
Inu mukungokamba za amuna. Ife amayi tsitsi la m'mbali mwa chipumi likutha ndiye tipake chiyani?

Wolukatsitsi
Achemwali, limenelo nthawi zambiri si la mankhwala, ndi la manja athu olukafe. Ndanena ine mwini ntchito. Kuluka kokoka kwambiri, tsitsi loikirira lolemera, kumanga pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, mizu imatopa. Mukaona timatuza m'mphepete kapena mutu ukuwawa usiku woti mwalukitsa, masulani, musapirire. Mukachita msanga limabwerera. Mukachedwa pamachita chipsera ndipo palibe botolo lomwe lingameretse pachipsera. Makasitomala ena amandikwiyira ndikakana kukoka, amati sizikhalitsa. Bola zisakhalitse koma tsitsi likhale.

MphunziWaUdokotala
Zoona zimenezo. Ndipo kuthothoka kuli mitundu yambiri, n'chifukwa chake botolo lolonjeza kuchiza yonse ndimalikayikira. Pali kobwera miyezi ingapo mayi atabereka kapena munthu atadwala kwambiri, kumatha kokha. Pali kwa kuchepa kwa ayironi m'magazi kapena vuto la chithokomiro. Kwa ana, zigamba zoyabwa nthawi zambiri ndi chipere, chimafuna mankhwala akumwa opha bowa wake. Ndiye pali alopecia areata, pomwe chitetezo cha m'thupi chimaukira mizu ya tsitsi n'kusiya zigamba zozungulira zosalala, ena mpaka nsidze kutha. Kumeneku ndi komwe kuli patenti zatsopano zenizeni. FDA inalola baricitinib mu 2022, ritlecitinib wa Pfizer mu 2023, ndi deuruxolitinib wa Sun Pharma mu 2024. Amagwira ntchito pofooketsa mbali ina ya chitetezo, ndiye ali ndi machenjezo aakulu a matenda opatsirana ndi kuundana kwa magazi. Si a dazi wamba.

MlembiWaMalamulo
Wotsirizayo anachedwa kufika pamsika chifukwa kampani ya Incyte inakasuma kuti akuphwanya patenti yake. Ndi pamenepo pomwe mumaonera ntchito yeniyeni ya patenti: ndi chida cholimbanirana msika. Pa ma stent ndiye nkhondo inali yoopsa. Julio Palmaz, dokotala wochokera ku Argentina, analandira patenti ya stent yofufumitsa ndi kabaluni mu 1988, Johnson & Johnson n'kutenga ufulu wake. Milandu inayenda zaka zambiri, ndipo mu 2010 Boston Scientific inavomera kulipira Johnson & Johnson madola 1.725 biliyoni kuti milandu ina ya ma stent ithe.

Wokayika_Uja
Ndalama zonsezo amalipira ndani? Si wodwala? Patenti zithe basi, zimangokweza mitengo.

InjiniyaWopuma
Mukazithetsa, ndani adzaika chuma chake pa kafukufuku wa odwala 2,000 kwa zaka zisanu, podziwa kuti akapambana mnzake akopera mawa, akalephera aluza yekha? Absorb yomweyi ndi chitsanzo, ndalama zinalowa zambiri n'kupita m'madzi.

Wokayika_Uja
Nanga yoti akaona patenti ikutha amasintha pang'ono, wamadzi kukhala wathovu, n'kutenganso ina? Imeneyo ndi kafukufuku?

MlembiWaMalamulo
Nonse awiri muli ndi mfundo, koma a Wokayika_Uja dziwani kuti patenti yatsopanoyo imateteza kusinthako kokha, wakale uja aliyense amapangabe. Vuto limakhala poti otsatsa amakuchititsani kuona ngati wakaleyo ndi wachabechabe. Maboma nawonso sali opanda mano. India mu February 2017 inaika malire a mitengo ya ma stent, ya mankhwala ndi yosungunuka yomwe inaikidwa pa ma rupee 29,600, kutsika kwakukulu poyerekeza ndi kale. Ndipo chigwirizano cha maiko a m'bungwe la zamalonda la WTO cha ku Doha cha 2001 chinatsimikiza kuti dziko litha kulola ena kupanga mankhwala a patenti pofuna kuteteza umoyo wa anthu ake.

Pali phindu limodzi lomwe anthu amaliiwala. Kuti upatsidwe patenti uyenera kuulula mmene chinthucho chimapangidwira, ndipo pempho limasindikizidwa pakatha miyezi 18. Wofuna kubisa satenga patenti, n'chifukwa chake kasakanizidwe ka Coca-Cola kalibe. Ndiye wogulitsa akamati "mankhwala achinsinsi a patenti", mawu awiriwo akutsutsana okha.

Dazi_Layamba
Ndiye kuti ine ndingathe kuiwerenga patenti ya mafuta amene ndikuwaonawa?

MlembiWaMalamulo
Kwaulere. Pemphani nambala, mukailembe pa Google Patents kapena Espacenet. Wogulitsa akayamba kuzembazemba pa nambala, mwadziwa kale. Mukaipeza musataye nthawi ndi masamba oyamba odzitamandira, pitani kumapeto pa ziganizo za manambala zotchedwa claims, ndi zokhazo zomwe lamulo limateteza. Muone ngati zikunena za mankhwala kapena za chopoperera. Muonenso ngati umboni wake ndi wa pa anthu kapena wa pa mbewa zometedwa.

Mpala_Wonyada
Mbewa zili ndi mwayi, chaka chilichonse zimapezeredwa mankhwala a dazi.

BamboWaAtatu
Funso lomaliza kwa a Mlembi. Zaka 20 zija zimayamba tsiku lomwe mankhwala afika pamsika?

MlembiWaMalamulo
Ayi bambo, zimayamba tsiku lopereka pempho. Popeza kuyesa mankhwala kumadya zaka zambiri, pofika pamsika theka la nthawiyo limakhala litapita, ndiye maiko ena monga America amawonjezerako mpaka zaka zisanu pobwezera nthawi yodikira chilolezo. Patenti imagwiranso ntchito m'maiko okhawo omwe inalembetsedwa, ndipo mwini wake akasiya kulipira ndalama zoisungira imafa nthawi isanakwane. Pa Google Patents zimenezi amazilemba pambali pa nambala, muyang'ane ngati pali mawu oti Active, Expired kapena Abandoned.